Zolemba za ntchito yoyeza mphamvu ndi kukula kwa mkono ponyamula zitsulo

Tisanayambe

Ntchito imeneyi inayamba ndi mkangano pakati pa ife amene timanyamula zitsulo limodzi. Ena ankanena kuti mphamvu za munthu zimadalira kukula kwa minofu yake basi, pamene ena ankatsutsa potchula anthu owonda amene amadzutsa chitsulo chimene munthu wa akatumba otukuka amangochigwedeza. Popeza mkangano wa pakamwa sukhala ndi mapeto, tinagwirizana kuti tiyese tokha kwa masabata 12, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wosunga buku ndi kuwerenga zimene akatswiri anapeza kale, kuopa kuti tingamadzitame ndi zinthu zimene zinadziwika ife tisanabadwe.

Tapeza anthu 7, amuna ndi akazi, amene sananyamulepo zitsulo mokhazikika, ndipo wamkulu pa onsewo ndi bambo wina amene anapitirira zaka 60. Aliyense azilimbitsa mkono umodzi wokha, umene saugwiritsa ntchito kwambiri, popinda chigongono atagwira chitsulo cha dzanja limodzi, ndipo azichita zimenezi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Mkono winawo tausiya dala kuti tikhale ndi chofananizira. Tsiku lililonse pazikhala maseti atatu, ndiko kuti zigawo zitatu, a maulendo 10, ndipo munthu akakwanitsa maulendo onsewo mosavutikira, tsiku lotsatira tizimuwonjezera kulemera. Ndondomeko imeneyi si yathu. Inachokera kwa Thomas DeLorme, dokotala wa asilikali a ku America, amene mu 1945 analemba mmene ankathandizira asilikali ovulala kupezanso mphamvu powanyamulitsa zolemera zimene ankaziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo mu 1948 iye ndi Arthur Watkins anaikonza njirayo kukhala ya maseti atatu.

Miyeso yathu ndi itatu. Woyamba ndi chitsulo cholemera kwambiri chimene munthu angachinyamule kamodzi kokha, chimene m'mabuku amachilemba kuti 1RM. Wachiwiri ndi mphamvu imene munthu amakoka nayo lamba womangiriridwa ku sikelo imene taikhomerera pansi, chigongono chitapindidwa pakona ya madigiri 90 ndipo mkono sukuyenda. Wachitatu ndi kuzungulira kwa mkono poyeza ndi tepi. Makina oonera mkati mwa mnofu kapena omvetsera timphamvu ta magetsi timene timadutsa mu mnofu tilibe, choncho za minyewa tidzangoziganizira kuchokera pa kusiyana kwa miyeso itatuyi. M'buku lino mawu akuti minyewa akutanthauza njira zimene uthenga umadutsamo kuchoka ku ubongo ndi mu msana kupita ku minofu, osati mitsempha ya magazi kapena timizere tolimba timene timalumikiza mnofu ku fupa, ngakhale kuti polankhula ambirife timasakaniza mayinawa.

Sabata yoyamba

Tinayeza aliyense kawiri, Lolemba ndi Lachinayi, masewera enieni asanayambe, ndipo anthu ambiri ananyamula cholemerako tsiku lachiwiri kuposa loyamba. Palibe mnofu umene ungakule m'masiku atatu, ndiye kuti chimene chinasintha ndi kuzolowera basi. Tikanayeza kamodzi kokha, kuzolowera kumeneko tikanakuwerengera ngati phindu la masewera, ndipo n'chifukwa chake taganiza kuti poyambira pathu pakhale muyeso wachiwiri.

Ndinakhala pafupi kuonerera mayi wina akunyamula koyamba. Chitsulo chitangochoka pa ntchafu, dzanja linayamba kunjenjemera, phewa linakwera kufuna kukhudza khutu, chigongono chinathawira kumbuyo, ndipo mayiyo anagwira mpweya mpaka nkhope kusintha. Chitsulocho sichinadutse njira imodzi pa maulendo 10 onse, chifukwa ulendo wina chinkapita cha kunja, wina cha kumimba. Thupi linali likufufuza mnofu woyenera kugwira ntchito ndi woyenera kukhala chete, ndipo panthawiyo minofu yambiri inkalimbana yokhayokha. Ndalemba zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa ndikuganiza kuti pakapita masabata angapo tidzaiwala mmene tinayambira.

Pofika kumapeto kwa sabata onse ankadandaula kuti mkono ukuwawa, makamaka pofuna kuuwongola, ndipo ululuwo unkakula patapita tsiku limodzi kapena awiri. Wina ananena kuti ndi asidi amene wadzaza mu mnofu, koma zimenezo si zoona, pakuti lactate, amene anthu amamutcha asidiyo, amabwerera mwakale pasanathe maola ochepa munthu akamaliza masewera. Ululu wochedwa chonchi umabwera kwambiri chifukwa cha gawo lotsitsa chitsulo, pamene mnofu ukutalika uku ukugwira mwamphamvu, ndipo umachepa kwambiri munthu akabwereza masewera omwewo. Tawauza kuti asasiye kutsitsa chitsulo modekha pofuna kuthawa ululu.

Sabata yachiwiri

Aliyense wawonjezeredwa kulemera, ena kawiri m'sabata imodzi, koma tepi sinasonyeze kanthu. Amene pa mkangano uja ankatsutsa zoti mphamvu zimadalira kukula kwa minofu basi, ndiko kuti a mbali ya minyewa, ayamba kale kuyenda monyadira, ndipo ine ndawapempha kuti adekhe kaye.

Pofuna kuti tonse tizimvana, ndinafotokozera gulu mmene mnofu umalandirira lamulo. Mnofu umapangidwa ndi timaulusi tambirimbiri, ndipo timaulusi timeneti sitigwira ntchito tonse nthawi imodzi. Selo limodzi la minyewa limene lili mu msana limalamulira kagulu kakekake ka timaulusi, ndipo selolo pamodzi ndi timaulusi take ndi chimene Liddell ndi Sherrington anachitcha motor unit mu 1925. Selo likatumiza uthenga, timaulusi tonse ta m'kagulu kake timakoka limodzi. Choncho thupi lili ndi njira ziwiri zowonjezera mphamvu, yoyamba ndi kuitana timagulu tochuluka, ndipo yachiwiri ndi kutumiza uthenga mofulumirirapo ku timagulu timene taitanidwa kale, kuti kukoka kwina kusanathe kwina kufike n'kuunjikana.

Kuitanako sikuchitika mwachisawawa. Elwood Henneman wa ku Harvard anasonyeza mu 1957, ndiponso m'zofufuza zake za pa amphaka za mu 1965, kuti maselo aang'ono ndi amene amayamba, ndipo aakulu amalowa pamene ntchito ikulemera. Maselo aang'onowo amalamulira timaulusi tochedwa kukoka koma tosatopa msanga, pamene aakulu amalamulira timaulusi tothamanga ndi tamphamvu timene timatopa mwamsanga. Munthu akanyamula kapu ya madzi amagwiritsa ntchito timagulu tating'ono tokha, ndipo kuti afike ku timagulu tikuluto ayenera kunyamula cholemera kwambiri, kapena kukoka mwaliwiro, kapena kubwereza chopepuka mpaka timagulu toyamba titatopa. Mfundo yomalizayi ndaidulira mzere kunsi chifukwa ndikuona kuti tidzaifuna kutsogoloku.

Zimene tikuonazi zikufanana ndi zimene Moritani ndi deVries analemba mu 1979, atatsatira anthu amene ankalimbitsa minofu yopinda chigongono kwa masabata 8. Iwo anapeza kuti poyamba mphamvu zinkakwera makamaka chifukwa cha minyewa, ndipo kukula kwa mnofu kunayamba kutenga gawo lalikulu patapita masabata atatu mpaka asanu. Pafupifupi buku lililonse la nkhaniyi limabwereza chithunzi chimenechi.

Sabata yachitatu

Ndalakwitsa, ndipo miyeso ya tepi ya sabata ino yatayika. Lachisanu ndinafika mochedwa n'kupeza anthu atamaliza kale maseti awo, ndiye ndinangowayeza pomwepo. Manambala anatuluka okongola kwambiri moti mnyamata wina anayamba kuimbira foni anzake kuwauza kuti mkono wakula. Lolemba m'mawa nditayezanso, kukula konse kuja kunali kutapita. Chimene ndinayeza ndi magazi ndi madzi amene amadzaza mu mnofu ukangogwira ntchito.

Kulakwitsaku kwanditsegula maso pa vuto lina lobisika. Felipe Damas ndi anzake a ku São Paulo anasonyeza mu 2016 kuti m'masabata oyambirira mnofu wa munthu wosazolowera umaoneka wokulirapo ngakhale pa makina, koma gawo lina la kukulako ndi kutupa kobwera chifukwa cha kuwonongeka kwa timaulusi. Anapezanso kuti mapuloteni amene thupi limapanga mu mnofu panthawiyo amapita kwambiri kokonza zowonongeka, ndipo amayamba kugwirizana ndi kukula kwenikweni kuwonongekako kukachepa. Choncho ngakhale muyeso wa Lolemba ungathe kutinamiza pang'ono pakali pano. Lamulo latsopano ndi lakuti tepi izigwira ntchito Lolemba lokha munthu asanakhudze chitsulo, mkono uli wolendewera, pamalo amene tayeza kuchokera pa fupa la phewa n'kuikapo chizindikiro cha inki. Ndayesanso kuyeza mkono umodzi kasanu motsatizana, ndipo ndaona kuti manambala anga amasiyana pafupifupi ndi theka la sentimita malinga ndi mmene ndakokera tepi. Kusintha kulikonse kochepera pamenepo sindidzakuwerengera.

Sabata yachinayi

Iyi ndi sabata imene yandiphunzitsa zambiri kuposa zonse mpaka pano. Tayeza miyeso yonse itatu, ndipo 1RM yakwera kwambiri kwa aliyense, mphamvu ya pa sikelo yakwera pang'ono chabe, pamene tepi idakali malo omwe aja. Mkono ndi womwewo, mnofu ndi womwewo, koma miyeso iwiri ya mphamvu ikunena zosiyana.

Poyamba ndinaganiza kuti sikelo yawonongeka, koma nditaipachika chitsulo chimene kulemera kwake tikukudziwa inawerenga bwinobwino. Kenako ndinapeza kuti Rutherford ndi Jones a ku London anakumana ndi zomwezi mu 1986. Anthu awo analimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu kwa masabata 12, ndipo kulemera kumene ankanyamula pa masewera kunakwera kutali kwambiri poyerekeza ndi mphamvu imene ntchafu inkatulutsa pokankha chinthu chosasuntha. Iwo anamasulira kuti gawo lalikulu la phindulo linali luso, ndiko kuti thupi linaphunzira kulimbitsa msana, mimba ndi ziwalo zina kuti mnofu wogwira ntchito ukhale ndi potsamira. Ndinabwerera ku zimene ndinalemba za mayi uja sabata yoyamba, kenako ndinamuonerera akunyamula. Phewa silikukweranso, dzanja silikunjenjemera, chigongono chakhazikika pa nthiti ngati chakhomedwa, ndipo chitsulo chikudutsa njira imodzimodzi ulendo uliwonse.

Apa ndiyenera kukonza mawu anga. M'sabata yachiwiri ndinauza gulu kuti masewera amadzutsa minofu imene inali m'tulo, ndipo tsopano ndikuona kuti mawuwo anapitirira muyeso. Pali njira yoyezera nkhaniyi imene Merton anaifotokoza mu 1954, yakuti munthu akamakoka ndi mphamvu zake zonse, ofufuza amagunda mnyewa kapena mnofu ndi magetsi pang'ono, ndipo ngati mphamvu yawonjezereka ndiye kuti panali gawo limene munthuyo sanalifikire mwa kufuna kwake. Pa minofu yopinda chigongono, anthu athanzi ambiri amafika kupitirira 90 peresenti ngakhale asanayambe masewera aliwonse. Malo otsala oti adzutsidwe ndi ochepa, ndipo sangafotokoze okha kukwera konse kwa 1RM kumene tikukuona.

Komabe sikuti minyewa ilibe gawo. Carolan ndi Cafarelli anapeza mu 1992 kuti munthu akamaphunzira kuwongola bondo mwamphamvu, minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, imene imakokera mbali ina, imachepetsa kulimbana kwake, ndipo kusinthaku kunaoneka kuyambira sabata yoyamba. Mu 2019 Alessandro Del Vecchio ndi anzake anatsatira timagulu tomwetomweto mu mnofu wa kutsogolo kwa mwendo, umene umakweza phazi, masewera asanayambe ndiponso patapita masabata anayi, ndipo anaona kuti timaguluto tinayamba kuitanidwa msanga komanso kulandira uthenga mofulumirirapo. Ndiye pansi pa mawu amodzi akuti minyewa pali zinthu zingapo zosiyana, monga luso loyendetsa thupi lonse, kuchepa kwa kulimbana pakati pa minofu, ndi kuchuluka kwa uthenga wofika ku mnofu weniweniwo. Sikelo yathu ikugwira ziwiri zomalizazi, pamene 1RM ikugwira zonse pamodzi popanda kuzilekanitsa.

Panalinso nkhani ya bambo wachikulire uja, amene ndinawaona akutsamira chakumbuyo kuti chitsulo chidutse pakati pa njira, pamene chimalemera kwambiri. Ndinawauza kuti, “Bambo, ulendo umenewu sindiuwerenga, chifukwa wanyamula ndi msana wanu osati mkono.” Anaseka n'kuyankha kuti, “Mwana wanga, chitsulo chafika pamwamba kapena sichinafike?” Funso lawo linali loona ndithu, chifukwa thupi silidziwa zoti ife tikufufuza katumba, limangofuna njira yachidule yofikitsira katundu kumene akufunika. Kuyambira lero aliyense poyeza 1RM aziima atatsamira khoma, mapewa ndi matako zitakhudza khomalo.

Sabata yachisanu

Palibe chatsopano kupatula kuti lamba wa pa sikelo wayamba kutamuka, zimene zikuchititsa kuti chigongono chipindike kupitirira madigiri 90 munthu akakoka. Mphamvu ya mnofu imasintha malinga ndi kutalika kumene mnofuwo uli, choncho kona ikasintha muyeso sungafananizidwe ndi wakale. Taika tcheni m'malo mwa lamba. Anthu awiri anajomba tsiku limodzi aliyense.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Tayeza mkono umene sukuchita masewera, ndipo mwa anthu 7, asanu akoka mwamphamvuko kuposa poyamba. Kukwerako n'kochepa poyerekeza ndi mkono wogwira ntchito, ndipo tepi pa mkono umenewu sinasunthe n'komwe. Gulu linadabwa, koma nkhaniyi ndi yakale kwambiri. Mu 1894 Edward Scripture ndi anzake awiri, Smith ndi Brown, ku yunivesite ya Yale, analemba kuti munthu atazolowera kufinya kampira ndi dzanja limodzi, dzanja linalo nalonso linawonjezera mphamvu. Akatswiri amene aphatikiza zofufuza zambiri za pambuyo pake amapeza kuti mbali yosachita masewera imapindula pafupifupi 8 mpaka 12 peresenti. Popeza mnofu wa mbali imeneyo sukula, phindulo liyenera kukhala lochokera ku ubongo ndi njira zake zotsikira mu msana, ndipo n'chifukwa chake madokotala othandiza ovulala ali ndi chidwi ndi kulimbitsa mkono wabwino pamene unzake uli mu pulasitala.

Pali kafukufuku wina amene amandichititsa chidwi kuposa pamenepa. Mu 1992 Yue ndi Cole anauza anthu ena kuti azingoganizira m'mutu kuti akukankha mwamphamvu ndi chala chaching'ono cha dzanja, osachisuntha, kwa masabata anayi. Mphamvu ya chalacho inakwera ndi 22 peresenti, pamene amene ankakankhadi anakwera ndi 30 peresenti. Mnofu wa chala ndi waung'ono ndipo sitiugwiritsa ntchito mwa njira imeneyo tsiku ndi tsiku, choncho sindingalimbikitse munthu kuti asiye zitsulo n'kumangolota, koma zotsatirazo zikusonyeza poyera kuti lamulo lochokera kumutu lingaphunzitsidwe palokha.

Ngakhale zili choncho, zotsatira zathu sindikuzikhulupirira kwathunthu. Mkono umenewu tauyeza kale kangapo, ndipo sabata yoyamba inatiphunzitsa kuti kuyeza pakokha n'kuphunzira. Tikanakhala ndi gulu lina la anthu oyezedwa okha popanda masewera, tikanatha kuchotsera gawo limenelo, koma tilibe, ndipo panopa tachedwa kulikhazikitsa. Chimene tingachite ndi kusauyezanso mkonowo mpaka sabata yomaliza.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Tepi yayamba kulankhula. Mwa anthu anayi, mkono wogwira ntchito wakula kupitirira theka la sentimita lija, ndipo kukulako kwaoneka Lolemba awiri otsatizana. Mwa atatu enawo palibe chimene ndingachiwerengere. Pa nthawi yomweyi 1RM yasiya kudumpha ngati poyamba, moti ena akutha sabata yonse osawonjezeredwa kulemera, pamene sikelo ikukwerabe pang'onopang'ono mosalekeza.

Sindikunena kuti mnofu wayamba kukula sabata ino. Seynnes, de Boer ndi Narici anagwiritsa ntchito makina a MRI, oonera mkati mwa thupi, mu 2007 ndipo anaona minofu ya ntchafu itakula patangotha masiku 20 a masewera amphamvu. Zikuoneka kuti kukula kumayamba msanga koma kumaunjikana mwakachetechete, ndipo nthawi imene kumaonekera imadalira chida chimene munthu wagwira m'manja. Tepi imayeza khungu, mafuta, fupa, katumba ndi mnofu wa kumbuyo kwa mkono zonse pamodzi, choncho munthu amene mafuta ake achepa pamene mnofu ukukula angaoneke ngati sanasinthe. Chithunzi chija chakuti minyewa imayamba ndipo mnofu umatsatira n'choona pa zimene zimaoneka, koma mkatimu ziwirizi zimayendera limodzi, kungoti chimodzi chimathamanga ndipo chinzake chimakwawa.

Kukulako kumachitika motere. Timaulusi ta mnofu tikakokedwa mwamphamvu, mkati mwake mumayamba uthenga umene umadutsa pa puloteni yotchedwa mTOR, ndipo selo limawonjezera kupanga actin ndi myosin, mapuloteni awiri amene amakokana kuti mnofu ufupike. Mwa munthu wosazolowera, kupanga mapuloteni kumeneku kumakhala kokwera mpaka maola 48 masewera atatha. Kupangako kukamaposa kuphwanyika kwa masabata ambiri, kaulusi kalikonse kamanenepa, ndipo timaulusi tothamanga tija nthawi zambiri timanenepa kwambiri kuposa tochedwa. Mwa anthu, mnofu umakula makamaka chifukwa cha kunenepa kwa timaulusi timene tilipo kale. Pamphepete pa kaulusi pamakhala timaselo tina togona, timene Alexander Mauro anationa mu mnofu wa chule mu 1961, ndipo timeneti timagawikana n'kulowa m'kaulusi kuti kakhale ndi malikulu ochuluka olamulirako ntchito pamene kakukula.

Mmodzi mwa atatu amene tepi yawo sinasunthe anafunsa ngati vuto ndi chakudya. Sitikulemba zimene anthu akudya, ndipo ichi ndi chofooka china cha ntchito yathu. Ndinangomuuza zimene Morton ndi anzake anapeza mu 2018 ataphatikiza zofufuza 49, kuti phindu la mapuloteni pa kukula kwa minofu limasiya kukwera munthu akafika pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ndinamuonetsanso kafukufuku wa Monica Hubal ndi anzake wa mu 2005, amene ali pafupi kwambiri ndi zimene tikuchitazi, pakuti anthu 585 analimbitsa mkono umodzi kwa masabata 12. Kukula kwa katumba kunayambira pa kuchepa ndi 2 peresenti mpaka kuwonjezereka ndi 59 peresenti, ndipo 1RM inayambira pa kusasintha konse mpaka 250 peresenti. Ndondomeko inali imodzi, koma matupi anayankha mosiyana chonchi. Mnzathuyo anangogwedeza mutu, ndipo sindikudziwa ngati zinamutonthoza.

Bambo wachikulire uja ali m'gulu la amene tepi yawo ili chete, koma pa sikelo akwera bwino kuposa achinyamata awiri. Nditawauza za Maria Fiatarone ndi anzake, amene mu 1990 ananyamulitsa zolemera okalamba a zaka pafupifupi 90 ku Boston kwa masabata 8, n'kupeza kuti mphamvu ya mwendo inakwera ndi 174 peresenti pamene mnofu wa pakati pa ntchafu unakula ndi 9 peresenti yokha, anandifunsa kuti, “Ndiye inu mukudandauliranji tepi yanuyo?”

Sabata yakhumi

Mayi uja wa sabata yoyamba wayamba kumva kuwawa mkati mwa chigongono akanyamula cholemera. Ululuwu ndi wosiyana ndi uja wa poyamba, chifukwa uli pamalo amodzi pafupi ndi fupa ndipo umabwera pa nthawi yonyamula. Timizere tolumikiza mnofu ku fupa timasintha mochedwa kuposa luso ndi minyewa, ndipo ndikukayikira kuti tinathamanga kuwonjezera kulemera m'masabata oyambirira potengeka ndi manambala. Tamupumitsa masiku angapo ndipo tamuuza kuti ululuwo ukapitirira akaonane ndi dokotala.

Atabwerako tinamusinthira ndondomeko, kuti azinyamula chopepuka kwambiri koma kubwereza mpaka mkono utatsala pang'ono kukana. Apa ndi pamene mfundo ija ndinaidulira mzere yagwira ntchito. Mu 2012 Cameron Mitchell, Stuart Phillips ndi anzawo a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anayerekeza maseti atatu a 30 peresenti ya 1RM ndi maseti atatu a 80 peresenti, onse ochitidwa mpaka munthu kulephera, kwa masabata 10. Minofu ya ntchafu inakula mofanana mbali zonse ziwiri, koma 1RM inakwera kwambiri kwa miyendo imene inkanyamula zolemera. Kwa ine zimenezi zikuyankha mkangano wathu uja kuposa china chilichonse chimene ndawerenga, chifukwa zikusonyeza miyendo iwiri yokula mofanana koma yonyamula mosiyana, ndipo kusiyanako kukuchokera pa zimene mwendo uliwonse unazolowera kuchita. Zotsatira za mayiyu za masabata awiri omaliza ndizilemba padera, popeza ndondomeko yake sikufanananso ndi ya anzake.

Amene anayambitsa mkangano uja anandifunsa kuti wapambana ndani. Ndawauza kuti pa masabata anayi oyamba buku likuikira kumbuyo a mbali ya minyewa, ngakhale kuti gawo lalikulu la zimene ankazitcha minyewa ndi luso, ndipo kuyambira sabata yachisanu ndi chitatu a mbali ya minofu ayamba kukhala ndi chonena. Pa zaka zambiri za masewera kukula kwa mnofu ndi kumene kumaika malire a mphamvu zimene minyewa ingatulutse, koma masabata 12 ndi tepi imodzi sizingatifikitse kumeneko.

Gulu lagwirizana kuti tikamaliza sabata ya 12 tisiye masewera kwa masabata 6, tikuyezabe mkono wogwira ntchito kamodzi pa masabata awiri alionse, kenako tiyambirenso. Tikufuna kuona kuti chiyambe kutsika n'chiti pakati pa 1RM, sikelo ndi tepi, ndiponso ngati kubwerera kudzakhale kofulumira kuposa ulendo woyamba. Bruusgaard, Gundersen ndi anzawo a ku Oslo anapeza mu 2010 kuti mwa mbewa malikulu a selo amene anawonjezereka pokula sanatayike mnofu utafota, ndipo akatswiri akutsutsanabe ngati zilinso choncho mwa anthu. Ife sitingaone mkati mwa selo, koma liwiro lobwerera tingalilembe.

Zotsala sabata ya 12 isanafike ndi kupachikanso chitsulo chodziwika pa sikelo kuti titsimikize kuti tcheni silinasinthe kawerengedwe kake, kupeza munthu wina woyeza tepi amene sakudziwa mkono umene unkachita masewera, popeza ine ndikudziwa ndipo dzanja langa lingakoke tepi mokondera, ndiponso kufunsa bambo wachikulire uja ngati adzakhalepo tsiku loyeza, chifukwa anena kuti sabata imeneyo ali ndi ulendo.